Digiri ya Bayoloje: Mafunso a Ophunzira ndi Makolo

Kodi bayoloje ya ku yunivesite ndi yomwe ija ya ku sekondale?

Dzina ndi lomwelo koma kaphunziridwe n'kosiyana. Pa MSCE munthu akhoza kukhoza bwino poloweza zigawo za mtima ndi kujambula duwa. Ku yunivesite kuloweza kokha sikufikitsa patali, chifukwa mphunzitsi amafuna kudziwa kuti chimene mwanenacho mwachitsimikiza bwanji. Digiri imatenga zaka 4. Koyambirira mumaphunzira bayoloje pamodzi ndi kemisitiri, fizikisi ndi masamu, kenako mumalowa mozama pa maselo, DNA ndi mmene ana amatengera makolo awo, zomera, nyama, mabakiteriya ndi mavairasi. M'chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku wakewake.

Masana ambiri amathera mu labotale. Mumadonthetsa magazi pa kagalasi, n'kuwakoka ndi kagalasi kena kuti apyapyale, akauma mumathira utoto wotchedwa Giemsa, n'kuika pa maikulosikopu. Tsiku loyamba maso amangoona madontho osokonekera. Mukazolowera mumayamba kuzindikira kachilombo ka malungo, kooneka ngati kamphete, kali m'kati mwa selo lofiira. Luso limeneli limabwera ndi kubwereza, ndipo buku silingakupatseni.

Masamu amandivuta. Bayoloje si ndiye pothawira?

Ayi, ndipo ambiri amakhumudwa pamenepa. Simungamvetse mmene selo limapezera mphamvu kuchokera ku shuga popanda kemisitiri. Mukapima nsomba za m'madamu awiri odyetsedwa mosiyana, ndi masamu amene amakuuzani ngati kusiyana kwa kakulidwe kake n'kwenikweni kapena kwangochitika mwamwayi.

Maphunzirowa amapezeka kuti m'Malawi muno?

Bayoloje monga phunziro palokha ili ku University of Malawi ku Zomba, imene ambiri amaitchulabe kuti Chanco. Koma nthambi za bayoloje zili ponseponse. Ku LUANAR, ku Bunda, kuli za nsomba, mbewu ndi ziweto. Ku Mzuzu University kuli za nkhalango, za nsomba ndi uphunzitsi wa sayansi. Ku MUST, ku Thyolo, kuli digiri za tizilombo toyambitsa matenda ndi za chitetezo cha m'thupi. Ku KUHeS, imene inapatuka ku University of Malawi n'kuima payokha mu 2021, kuli za labotale ya chipatala. Kusankhidwira ku mayunivesite a boma kumadzera ku bungwe la NCHE, ndipo pamafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Polemba fomu werengani zofunika pa kosi iliyonse, chifukwa zimasiyana.

Mwana wanga akamaliza adzakhala dokotala?

Ayi. Udokotala uli ndi digiri yakeyake, MBBS, ndipo ngakhale woyeza magazi a odwala m'chipatala amayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi ndi maphunziro ogwirizana ndi ntchitoyo. Makolo ndi bwino kudziwiratu zimenezi kuti musadzamuone mwana ngati wolephera pamene wamaliza bwinobwino. Zimandipweteka kumva bayoloje ikutchulidwa ngati kosi ya otsala pa mpikisano wa udokotala, pamene dokotalayo amapereka mankhwala ndi katemera amene anayamba wadutsa m'manja mwa akatswiri a bayoloje.

Nanga ntchito zake n'zotani?

Tiyambe ndi zaumoyo. Mu April 2019 Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana pa ndondomeko yoyeserera, limodzi ndi Ghana ndi Kenya amene anatsatira. Kuseri kwa ntchito yolimbana ndi malungo kumakhala anthu ogwira udzudzu m'nyumba za m'midzi, ousiyanitsa mitundu, oona ngati ukufabe ndi mankhwala a m'masikito. Mabungwe monga Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amalemba achinyamata otere. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 panafunikanso oyeza madzi ndi odziwa mabakiteriya.

Ku ulimi nkhani ndi yomweyo. Mbozi za ntchemberezandonda zitasakaza chimanga mu 2017, ndiponso matenda a chisaka atatha nthochi ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay, panafunika anthu odziwa moyo wa mbozi ndi wa vairasi yoyambitsa chisaka, ndi nsabwe zimene zimaifalitsa. Ntchito zotere zimachitikira ku malo a kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka.

Ndiye pali nyanja. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri, monga mbuna za m'miyala, sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Akatswiri a ku Ulaya ndi ku America amakwera ndege kudzafufuza mmene mitundu yonseyi inayambira, pamene chambo chikuchepa ife tikuona. Amalawi ofufuza nyanja yawo akufunika ambiri kuposa amene alipo. Kumtunda nako kuli ntchito: National Herbarium ku Zomba imasunga zomera zoumitsidwa ndi mayina ake, mkungudza wa m'phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu, ndipo ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota nyama zimawerengedwa ndi kuyang'aniridwa.

Ambiri amalowanso uphunzitsi, ndipo ena amayeza zakudya ndi madzi m'mafakitale kapena ku Malawi Bureau of Standards.

Kodi ntchitozo zimapezeka mosavuta?

Tisanamizane, sizipezeka mosavuta. Digiri ya unamwino imanena yokha ntchito imene mwini wake adzagwire, pamene ya bayoloje siinena. Ntchito zambiri za kafukufuku n'zamakontirakiti, zimatha thandizo la ndalama likatha. Wofuna kudzatsogolera kafukufuku wake amayenera kupitiriza mpaka masitazi, kawirikawiri mpaka PhD.

Ndichite chiyani ndidakali pasukulu?

Pofika chaka chachiwiri dziwani kumene mtima wanu uli, kaya ndi ku labotale, kumunda, kunyanja kapena m'kalasi, ndipo sankhani maphunziro ndi mutu wa kafukufuku mogwirizana ndi kumeneko. Pa holide pemphani malo ophunzirira ntchito, ngakhale kukhale kutsuka mabotolo ndi kulemba manambala pa zoyezedwa. Olemba ntchito amafunsa zimene manja anu anagwirapo: kodi munachitapo PCR (njira yochulukitsira DNA), munabereketsapo mabakiteriya m'mbale ya labotale osaipitsa, mumatha kusanthula zotsatira pa kompyuta ndi Excel kapena R? Aphunzitsi anu akamapita kukatola zoyeza kumudzi kapena kunyanja, apempheni kuti mupite nawo, chifukwa kalata yokuchitirani umboni pofunsira ntchito kapena sukulu idzalembedwa ndi iwowo.