Phunziro la Zaumoyo: Mwana Wodwala Shuga Akakhala Kusukulu



Ambiri a ife tikamva za matenda a shuga timaganiza za achikulire ndi anthu a m'tauni odya zonona. Koma matendawa amagwiranso ana, ngakhale wa Sitandade 1 wa kumudzi. Mwana wotere amatha maola ambiri ali kusukulu, mayi ake ali m'munda wa tiyi kapena pamsika wa Bvumbwe, ndipo pa maola amenewo moyo wake uli m'manja mwa aphunzitsi, anzake ndi amayi ophika phala. Phunziro lathu ndi lakuti mwanayu angathe kuphunzira ndi kukula ngati mnzake aliyense, pokhapokha sukulu ikudziwa za matenda ake ndi chochita zinthu zikavuta. Kubisa ndiko kumapha.

1. Kodi matendawa ndi otani?

Nsima, mbatata, chinangwa ndi nthochi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi ndi kupatsa thupi mphamvu, pamafunika insulini, imene imapangidwa ndi chiwalo chotchedwa kapamba. Ana ambiri odwala shuga ali ndi mtundu woyamba wa matendawa, pamene kapamba amasiya kupanga insulini. Mapiritsi amene amathandiza agogo, omwe ali ndi mtundu wachiwiri, sangamuthandize mwanayu. Iye amafunika jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku, moyo wake wonse.

Tidziwitsane bwino apa. Mwana sadwala mtundu woyambawu chifukwa choti ankaba shuga m'kabati. Si kulakwa kwa mayi ake, si kulodzedwa, ndipo sungapatsirane podyera mbale imodzi.

Kale mwana akapezeka ndi nthendayi sankakhalitsa. Insulini inapezeka m'chaka cha 1921 ku Toronto, m'dziko la Canada, ndi Frederick Banting ndi Charles Best. Woyamba kubayidwa, mu Januwale 1922, anali mnyamata dzina lake Leonard Thompson, msinkhu wa ana athu a Sitandade 8 kapena Fomu 1. Tsiku lobadwa Banting, 14 Novembala, ndi limene dziko lonse limakumbukira matenda a shuga.

2. Zizindikiro za mwana amene sanapimidwe

Kawirikawiri mphunzitsi ndiye amayamba kuona, koma amaganiza kuti ndi mwano kapena ulesi. Taonani izi:

a) Ludzu losatha, kumwa madzi pafupipafupi.
b) Kupempha kupita kuchimbudzi kangapo phunziro limodzi lisanathe.
c) Kuyambiranso kukodza pogona, mwana atasiya kale.
d) Kuwonda ngakhale akudya kwambiri.
e) Kutopa ndi kusinza m'kalasi.
f) Nyerere kuunjikana pamene wakodza.

Mwana wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mayi anene poyera kuti, "Ndikupempha mumuyeze shuga." Kuyezako kumangofuna kadontho ka magazi a pachala. Pa zaka zanga za unamwino ndinaona ana amene anamwa mankhwala a malungo kawiri kapena katatu, nabwera nawo atakomoka, chonsecho vuto linali shuga. Kuno kwathu tili ndi chipatala chachikulu cha boma pa Thyolo ndi cha Malamulo ku Makwasa, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

3. Shuga akatsika: ngozi yaikulu ya kusukulu

Insulini ikalowa m'thupi imagwira ntchito, kaya mwana wadya kaya sanadye. Taganizani za m'mawa wa nyengo ya dzinja, pamene tiyi wachuluka ndipo makolo amalawirira kukathyola. Mwana wabayidwa, wamwa tiyi pang'ono, wakwera zitunda ulendo wa ola lathunthu, wafika n'kusesa pabwalo, ndipo phala la pasukulu lachedwa chifukwa nkhuni zanyowa. Pofika 10 koloko shuga wake watsika.

Mudzamuona akunjenjemera, akutuluka thukuta, akumva njala yoopsa, mutu ukupweteka, akukwiya kapena kulira popanda chifukwa, akulankhula zosamveka ngati woledzera. Akapanda kuthandizidwa amakomoka, mwina n'kugwa ngati wakhunyu. Pa kachipangizo koyezera, nambala yochepera 3.9 (kapena 70, pa zipangizo zowerenga mwa mtundu wina) ikutanthauza kuti shuga watsika. Koma ngati palibe choyezera, musadikire.

Chochita ngati mwana ali maso ndipo akutha kumeza:

a) Mukhazikeni pansi pomwepo. Musamutume kwa ahedi kapena kunyumba yekha.
b) Mupatseni masupuni a tiyi 3 a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la kapu ya Fanta kapena Sobo. Zakumwa zolembedwa kuti mulibe shuga sizithandiza.
c) Dikirani mphindi 15. Ngati sanasinthe, mupatseninso.
d) Akatsitsimuka adye chakudya chokhalitsa m'mimba, monga phala, mbatata kapena nthochi.

Ngati wakomoka, musamuthire madzi kapena chakudya m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, pakani shuga pang'ono wonyowetsa mkati mwa tsaya lake, ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kaya cha boma, cha mishoni kapena cha pa esiteti. Uzani achipatala msanga kuti mwanayu amabaya insulini.

Ena amadabwa kuti, "Wodwala shuga n'kumupatsanso shuga?" Inde. Pa nthawi imeneyi shuga ndiye mankhwala. Ngati simukudziwa ngati watsika kapena wakwera, mupatseni ndithu. Masupuni 3 sangamuphe, koma kutsikako kungathe kuwononga ubongo.

4. Shuga akakwera

Izi zimabwera pang'onopang'ono, mwana akadumpha jakisoni, insulini ikatha kapena kuwonongeka, kapenanso akadwala malungo ndi matenda ena. Ludzu ndi kukodza zimabwerera. Akayamba kusanza, kumva m'mimba kupweteka, kupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wa m'kamwa kununkhira ngati zipatso zakupsa, ndi kuodzera, imeneyo ndi ngozi. Apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Lamulo loti tilisunge: mwana akadwala n'kukana kudya, insulini sasiya. Funsani achipatala za mlingo wake, koma musaleke nokha.

5. Zokapempha kusukulu

Teremu ikamayamba, kholo lipite ndi buku la kuchipatala la mwana kukaonana ndi ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi. Anthu aakulu osachepera 3 pasukulupo adziwe, poti mmodzi angathe kujomba. Mugwirizane izi:

a) Papepala palembedwe zizindikiro, chochita, ndi nambala ya foni ya kholo kapena ya mnansi, popeza m'munda wa tiyi foni siimveka nthawi zonse.
b) Mwana aziyenda ndi shuga m'kabotolo ndi kamba m'chikwama. Shuga wina asungidwe ku ofesi.
c) Aloledwe kudya m'kalasi, kumwa madzi ndi kupita kuchimbudzi popanda kufunsidwa zambiri.
d) Pa mzere wa phala akhale kutsogolo. Tsiku lopanda phala makolo adziwitsidwe.
e) Asapatsidwe chilango chomumana chakudya, chomutsekera mpaka madzulo, kapena chokumba dzenje ndi njala.
f) Mpira ndi ntchemberembaye asewere ndithu, koma adye kaye ndipo shuga akhale pambali pa bwalo.
g) Pa mayeso a Sitandade 8 kapena a Fomu 4, ahedi auze oyang'anira mayeso nthawi ikadalipo, kuti mwana alowe ndi shuga wake.
h) Akhale ndi mnzake mmodzi kapena awiri oyenda naye, odziwa chochita panjira.

Za kasungidwe ka insulini: imaopa dzuwa ndi moto, ndipo ikauma ngati ayezi yawonongeka. Kumene kulibe firiji, ikani kabotoloko m'kachitini kotseka bwino, n'kukaika mumtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi. Botolo lotsegula ligwiritsidwe ntchito kwa masabata 4. Majakisoni otha ntchito asungidwe m'chigubu chotseka, n'kubwezedwa kuchipatala.

6. Anyamata ndi atsikana a kusekondale

Msinkhu uwu ndiwo wovuta. Thupi likamakula limafuna insulini yambiri, choncho mlingo wa chaka chatha sungakwanire, ndipo masiku a sikelo yake kuchipatala asadumphidwe. Atsikana ena shuga amasinthasintha pa nthawi yosamba. Koma vuto lalikulu ndi manyazi. Mnyamata safuna anzake amuone akubaya, ndiye amadumpha. Wina amayamba kulawa mowa, umene umagwetsa shuga usiku ali mtulo, anzake n'kumati waledzera chabe.

Kwa amene ali kusukulu yogonera komweko, matroni kapena woyang'anira anyamata adziwe, pakhale malo obisika ndi aukhondo obayirapo, ndipo nthawi ya chakudya isasinthe popanda kumuuza. Mgonero ukakhala wa 5 koloko, asunge kanthu kodya asanagone.

Tisawakalipire nambala zikaipa. Mwana woopa kukalipiridwa amalemba zabodza m'buku, ndipo dokotala amasokera nazo. Ndiponso tiwauze zoona atsikana athu: wodwala shuga angathe kumaliza sukulu, kugwira ntchito, kukwatiwa ndi kubereka, malinga akonzekere pamodzi ndi achipatala.

7. Mbali yathu ngati amayi

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ambiri a ife tili m'magulu a amayi a pasukulu, m'makomiti, ndi pa ntchito yophika phala. Tiperekeze mayi wamanyazi kwa ahedi. Tisonkhe ndalama ya basi pa tsiku lokatenga insulini, pakuti mabanja ena a ku Thekerani ndi madera akutali amadumpha chifukwa cha ulendo. Tifunsenso atsogoleri athu za chithandizo. M'chaka cha 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zinagwirizana ku Lomé, m'dziko la Togo, pa ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, yoti matenda ngati awa azithandizidwa pa zipatala za m'maboma. Boma la Neno ndi limodzi mwa malo amene njirayi inayambira. Si kulakwa kufunsa kuti kwathu kuno yafika pati.

Pomaliza, mawu awiri okhudza mpingo. Mwana wobaya insulini asasale chakudya, ngakhale pa Lenti. Ndipo wina aliyense akauza banja kuti litaye jakisoni chifukwa mwana wapemphereredwa, tiime nji ndi kukana, pakuti mwana wa mtundu woyamba akasiya insulini angathe kumwalira m'masiku ochepa. Tipemphere naye, jakisoni ali m'manja.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani zizindikiro 4 za shuga wotsika. Mungachite chiyani mwana akakomoka?
2. N'chifukwa chiyani mabanja ena amabisa matendawa? Tingawathandize bwanji popanda miseche?
3. Kuchokera pa sukulu ya m'dera lanu, chipatala chapafupi chili kuti, ndipo mungafikeko bwanji mvula ikugwa?
4. Ndani mwa ife akakambe ndi ahedi mwezi uno?

Pa msonkhano wotsatira, aliyense abwere ndi supuni ya tiyi ndi kapu, tidzayeserere pamodzi mpaka manja azolowere. Ambuye akusungeni pamodzi ndi ana anu.