Makina osokera zikopa: kagulidwe, kasamalidwe ndi kakonzedwe

Mawu akuti "indasitiriyo" aluzitsa amisiri ambiri ndalama. Munthu amasunga kangachepe chaka chathunthu, mwina kutenganso ngongole ku banki mkhonde, n'kukwera basi kupita ku Limbe kapena ku Lilongwe. Kumeneko amamuonetsa makina olemera, a tebulo lake ndi mota pansi, n'kumuuza kuti awa amasoka chilichonse. Kufika nawo pashopu, lamba woyamba yemweyo singano thyoo, ulusi wadukaduka, chikopa chatsala ndi zipsera za mano. Makinawo alibe mlandu. Anapangidwira ntchito ina.

Makina monga Juki DDL-8700 ndi abwino zedi kwa telala wa malaya ndi mayunifolomu. Amatha kubaya ka 5,500 pa mphindi imodzi, ndipo amakoka nsalu ndi mano apansi okha. Chikopa chimakakamira kuphazi: chapansi chimapita, chapamwamba chimatsalira. Komanso bowo likabooka pachikopa labooka basi, simungasosole n'kubwereza ngati pachitenje. Chimene mmisiri wa zikopa akufuna ndi mphamvu ndi kufatsa.

Yambani mwayang'ana phazi

Makina enieni a zikopa ali ndi mapazi awiri, lamkati ndi lakunja, amene amasinthana kuponda. Pa Chingerezi amati walking foot. Musanafunse mtengo, zunguzani gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono, maso ali pasingano. Muona phazi lamkati, singano ndi mano akuyendera limodzi chakumbuyo atagwira chikopa, kenako lakunja likutsika kudzachipanikiza pamene enawo akubwerera. Ngati phazi ndi limodzi ndipo langokhala duu, amenewo ndi makina a nsalu, ngakhale wogulitsa alumbire motani.

Kenako ganizirani zimene mumasoka tsiku ndi tsiku. Malamba, zikwama zafulati, makushoni ndi mipando ya galimoto zimafuna makina a tebulo lafulati, monga Juki DNU-1541, Consew 206RB, Pfaff 1245 kapena Dürkopp Adler 267. Zikwama za m'manja ndi china chilichonse chokhala ngati thumba chimasokeka bwino pa makina a mkono wonga paipi, monga Pfaff 335 ndi Adler 69, chifukwa mumangochiveka kumkonoko n'kumachizunguza.

Okonza nsapato, anu ndi Singer 29K. Chilembo K chikuimira Kilbowie, kumene kunali fakitale ya Singer ku Clydebank m'dziko la Scotland. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1980, koma makina ake akugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo ofanana nawo akupangidwabe ku China ndi ku Taiwan. Mkono wake ndi wowonda wolowa mpaka kuzala za nsapato, phazi lake limatembenukira mbali iliyonse, ndipo safuna magetsi. Ine ndimawakonda kwambiri makinawa, komabe ndinene zoona: kabobini kake n'kakang'ono, ulusi wonenepa sawulola, ndipo chikopa chikapitirira mamilimita 6 amayamba kuvutika. Ndi a zigamba, mazipi ndi zingwe za masandasi. Soli musawapatse.

Pogula akale

Tengani zidutswa za chikopa chanu chomwe, ndi ulusi umene mumagwiritsa ntchito. Musalole kuti akuyesereni pa kansalu kawo. Pindani chikopacho kawiri, kenako katatu, musoke nokha kuchokera popyapyala kukwera ponenepa, chifukwa makina otopa amayambira pamenepo kudumpha. Sokani chobwerera m'mbuyo muone ngati singano ikulowanso m'mabowo omwe aja. Gwedezani chitsulo chogwira singano ndi zala: chikamachita khwekhwerekhwekhwere, chadyeka. Tsegulani pansi muone nsonga ya kambedza kamene kamakola ulusi, kamene amakaniko amati huku. Iyenera kukhala yosongoka ndi yosalala. Funso lomaliza, limene ambiri amaiwala, ndi lakuti singano ndi mabobini a makina amenewa mudzazipeza kuti. Makina otchipa amene singano zake n'zochita kuitanitsa ku Johannesburg adzakhalitsa pakona atafunditsidwa nsalu.

Za mota

Mota yakale ya kilatchi imangolira kuyambira pamene mwayatsa, kaya mukusoka kaya mukucheza ndi kasitomala, ndipo mayunitsi akungopita. Pa magetsi athu imazungulira ka 1,425 kapena ka 2,850 pa mphindi, ndiye mukangoponda pang'ono makina amachita kulumpha. Mota ya servo, ya mawati 550 kapena 750, imazungulira pokhapokha mwaponda, ndipo liwiro mumatchera nokha. Ngati ndalama ilipo, sinthani. Ngati palibe, ikani kapule kakang'ono kumota, liwiro litsika ndithu. Chenjezo kwa a kilatchi: mukazimitsa, mota imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi. Dikirani iime musanaike zala pafupi ndi singano.

Singano ndi ulusi

Apa mpamene pagona mavuto ambiri amene anthu amanamizira makina. Singano ya nsalu ndi yozungulira kunsonga, imangokankha ulusi wa nsaluyo pambali. Ya chikopa ili ndi nsonga yonga kampeni, imacheka. Pa makina ambiri a mapazi awiri, ya chikopa ndi 135x16, pomwe 135x17 ndi ya kanivasi ndi lekizini. Pa 29K funsani 29x4. Werengani papaketi, musangoyerekeza ndi maso.

Ulusi ukhale wa nayiloni kapena poliyesita wolimbitsidwa, wosanyenyeka. Wa nambala 40 umayenda ndi singano ya 110, wa 30 ndi ya 120, wa 20 ndi ya 140 kapena 160. Nambala ya ulusi ikamachepa, ulusiwo ukunenepa. Mukakayika, chotsani singano, ilowetseni ku ulusi wotalika ngati mkono, mupendeketse. Ikatsetsereka yokha, zagwirizana. Ikakakamira, yachepa.

Musasoke mothithikana. Mabowo oyandikana kwambiri amasandutsa chikopa pepala la m'buku la malisiti, long'ambika motsata timabowo. Pa malamba ndi zikwama siyani mamilimita 3 mpaka 5. Ndipo mukamata ndi guluu, dikirani aume. Guluu wamuwisi amamatirira kusingano n'kuyamba kudula ulusi.

Kasamalidwe

M'mawa uliwonse dontho limodzi la mafuta pabowo lililonse, ndi lina panjira ya huku. Mafuta ake ndi oyera aja a makina osokera. Ophikira amauma n'kusanduka ulimbo, a galimoto ndi olemera ndipo amadetsa chikopa cha mwini. Loweruka chotsani kachitsulo ka pansi pa singano, musese nyenyeswa za chikopa ndi kamswachi kakale. M'dzinja pukutani zitsulo zowala ndi kansalu ka mafuta kuopa dzimbiri, ndipo fumbi la mu Okutobala lizipeza makina atafunditsidwa.

Akayamba kuvuta

Makina akamadumpha, musathamangire sikuludiraiva. Ikani singano yatsopano, muikankhe mpaka pamapeto, ngalande yake yaitali iyang'ane kumanzere, kumene ulusi umalowera. Chotsani ulusi wonse muulowetsenso phazi lili m'mwamba. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepa. Ulusi ukamapanga chisa cha mbalame pansi pa chikopa, wapamwamba ndi umene wakhwefuka kapena sunalowe pakati pa timbale ta tenshoni. Mfundo zikamaonekera pamwamba, wapamwambawo wathina. Poyamba msoko gwirani nsonga zonse ziwiri za ulusi mpaka singano ibaye katatu.

Makina ena, monga Consew 206RB, ali ndi chitetezo chimene chimamasula huku ulusi ukakodwa. Gudumu limazungulira koma bobini satola ulusi, ndipo mwini amaganiza kuti makina afa. Chotsani ulusi wokodwawo, dinikizani batani limene lili pamimba pa makina, muzunguze gudumu mpaka mumve kuti kha.

Zonsezi zikakanika, ndiye tikambe za taimingi. Singano ikafika pansi penipeni n'kuyamba kukwera pafupifupi mamilimita 2, nsonga ya huku iyenera kufika pakati pa singano, pamwamba pang'ono pa diso, itayandikira kwambiri koma osakhudza. Muyeso weniweni umasiyana malinga ndi makina, ndipo uli m'buku lake. Ngati simunaonepo wina akutchera, itanani makaniko, mukhale pambali pake, muone sikulu iliyonse imene akumasula. Mufunseni mafunso, ndalama mwalipira ndinu.

Tsiku lokagula likafika, m'thumba musaiwale zidutswa za chikopa ndi ulusi wanu. Wogulitsa akakana kuti muyese nokha, bwererani ndi ndalama zanu.