Kwa amayi oyenda usiku ndi abale awo: kupewa HIV ndi matenda opatsirana pogonana

Mayi amene mumamuona madzulo pa Zalewa, pa boda ya Mwanza kapena ku Bwandilo ali ndi ana omudikira, lendi yoti alipire ndi makolo kumudzi. Kapepalaka ndi kake. Ndi kanunso achibale, chifukwa mayi akamabisa makondomu ndi mapilitsi poopa kutonzedwa pakhomo, matenda savutika kumupeza.

Mayi, nkhani ya kondomu muimalize musanalowe m'chipinda, mowa usanakwere m'mutu. Kasitomala akati "pleni, ndiwonjezera," kumbukirani kuti wanenanso zomwezo kwa ena ambiri. Muvekeni nokha kondomuyo, pakakhala mdima yatsani tochi ya foni. Musaphatikize awiri, amang'ambika. Vaseline, mafuta odzola ndi ophikira amaonongeratu kondomu. Pemphani mafuta oterera a kuchipatala. Iliponso kondomu ya amayi yomwe mungavaliretu mwamuna asanafike.

Pamene ambiri amagwera ndi kunyumba. Mayi amasamala ndi alendo usiku wonse, koma kwa chibwenzi chake, kapena kasitomala wozolowerana naye amene amalipirako sukulu ya mwana, kondomu imaiwalika. Ngati simunayezetse limodzi, ameneyonso avale.

Kutawasa ndi sopo kapena mandimu sikupha kachilombo. Mankhwala oumitsa kumaliseche amasiya timabala tosaoneka, ndipo HIV imalowera pomwepo.

Ngati mulibe kachilombo, funsani za PrEP. Ndi piritsi lomwa tsiku lililonse, laulere, ndipo zipatala zina zili ndi jakisoni wa miyezi iwiri iliyonse. PrEP imateteza ku HIV yokha, chindoko, chinzonono ndi mimba ayi.

Kondomu ikang'ambika, kapena wina akakugwirirani, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72 mukalandire PEP, mankhwala omwa masiku 28. Musadikire kuti kuche kawiri. Pemphaninso piritsi loletsa mimba mwadzidzidzi. Wogwiriridwa ndi wogwiriridwa, ngakhale ntchito yake ndi yotani, ndipo ku Victim Support Unit ya polisi ali ndi ufulu womvedwa.

Yezetsani magazi miyezi itatu iliyonse. Chikazi chonunkha kapena chosintha mtundu, kuwotcha pokodza, chilonda kumaliseche, mabomu m'mphechepeche, kupweteka kwa chinena: zonsezi n'zakuchipatala. Makapisozi awiri ogula pagolosale amangogonetsa matenda, kenako sadzamvanso mankhwala. Chilonda cha chindoko sichipweteka ndipo chimapola chokha, koma matendawo amatsala m'magazi, amatha kupha mwana m'mimba. Chinzonono mwa amayi nthawi zambiri sichionetsa chizindikiro mpaka chitatseka njira ya mazira. Malizani mankhwala onse, ndipo mwamuna wanu akalandirenso. Muli komweko, yezetsani khansa ya khomo la chiberekero.

Mukapezeka ndi HIV, yambani ma ARV tsiku lomwelo. M'Malawi amaperekedwa ulere kuyambira 2004. Mukamamwa mosadumphitsa mpaka tizilombo titasiya kuoneka poyeza magazi, simupatsira munthu HIV pogonana. Mukamapita kunyanja nyengo ya usipa, kapena kumene kuli ndalama za fodya, tengani botolo lanu la ma ARV ndi buku lakuchipatala. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu kapena kuulula za magazi ake iye asanavomere.

Inu amayi ake, achemwali, azakhali: mukapeza botolo la mankhwala m'chikwama chake, musalengeze pachitsime. Mufunseni ngati wamwa lero. Tsiku lotenga mankhwala mutsalireni ana, ndipo ngati akuopa maso a anthu pamzere, mperekezeni. Wofuna kufunsa mosaonekera nkhope aimbe ku Chipatala Cha Pa Foni.