Anthabwala a pa Wailesi

Akuluakulu a ku Kandeu, m'boma la Ntcheu, amakumbukira nthaŵi imene m'mudzi monse munkapezeka wailesi imodzi kapena ziŵiri zokha. Zambiri zidali za mtundu wa Nzeru, zopangidwa m'Malaŵi momwe muno. Mwini wailesi ankasamala mabatire ake kwambiri. Akafooka, ankawayanika pa dzuŵa kuti seŵero lisamdutse. Nthaŵi ikakwana, anansi ankabwera ndi mipando yawo nakhala pa khonde.

Limodzi mwa maseŵero okondedwa pa wailesi ya MBC lidali Kapalepale. Oseŵera ake sankaoneka ndi maso, motero luso lonse lidali pa mau. Munthu ankasintha liu lake kuti amveke ngati nkhalamba kapena chidakwa, ndipo womvera aliyense ankadzijambulira yekha nkhope m'maganizo mwake.

Pambuyo pake kudatchuka amuna aŵiri a gulu la zisudzo la Kwathu, John Nyanga ndi Eric Mabedi. Maina aŵa ena sawadziŵa, koma mukatchula Izeki ndi Jakobo, ngakhale agogo amayamba kumwetulira. Nyanga ndiye adali Izeki, pamene Mabedi adali Jakobo. Nthabwala zawo zidali zamakani. Jakobo ankalongosola nkhani mwadongosolo, Izeki n'kuimva mokhota, nayankha motsimikiza ngati wanzeru ndiye. Jakobo akati akonze, nkhani ija inkapotokeratu. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, pakuti mudzi uliwonse uli naye Izeki wake. Nyanga adamwalira mu 2016, ndipo Mabedi adatsatira mu 2021.

Wailesi yakanema ya dziko lino idatsegulidwa m'chaka cha 1999. Kuyambira pamenepo mau okha sadali okwanira. Wanthabwala adayenera kuseketsanso ndi zovala, kayendedwe ndi nkhope. Mmodzi mwa amene adatchuka pa kanema ndi Michael Usi, yemwe ankaseŵera ngati Manganya m'seŵero la Tikuferanji. Masiku amenewo nkhani ya matenda a Edzi idali yovuta kuikamba makolo ndi ana ali pamodzi. Koma ikadzera m'kamwa mwa Manganya, banja lonse linkaseka, kenaka n'kuyamba kufunsana. Usi yemweyo adadzakhala wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024.

Mafunso

1. Nchifukwa ninji mwini wailesi ankayanika mabatire pa dzuŵa?
2. Kodi oseŵera a Kapalepale ankaseketsa bwanji anthu osawaona?
3. Fotokozani kusiyana kwa Izeki ndi Jakobo.
4. Kodi mau akuti "kuseka mpaka kugwira nthiti" atanthauzanji?

Ntchito

Khalani aŵiriaŵiri. Pekani kaseŵero ka munthu wogula ndi wogulitsa amene sakumvana pa msika wa Kandeu. Seketsani anzanu popanda kutonza munthu aliyense wa m'kalasi mwanu.