Khonsolo ya Johannesburg ndi Munthu Wobwera: Mafunso ndi Mayankho

Amalawi ambiri a ku Joni sanapondeko m'nyumba ya khonsolo ku Braamfontein, koma zimene makhansala 270 amagwirizana m'menemo zimawapeza pa benchi la tomato, pa khomo la chipinda cha lendi ndi pa mzere wa ku kiliniki. Nawa mafunso amene amamveka kawirikawiri pakati pathu.

Kodi khonsolo ili ndi mphamvu yothamangitsa munthu m'dziko?

Ayi. Malamulo aakulu a South Africa a 1996 anagawa ntchito pakati pa boma lalikulu, maboma a zigawo ndi makhonsolo. Zolowa ndi kutuluka m'dziko zili m'manja mwa boma lalikulu, ndipo amene amaziyendetsa ndi a Home Affairs, potsatira lamulo la Immigration Act la 2002. Malo a Lindela ku Krugersdorp, kumene anthu amadikirira kubwezedwa kwawo, si a khonsolo. Khonsolo inapatsidwa malonda a m'misewu, misika, ziphaso za malo ogulitsira zakudya, kamangidwe ka nyumba, ozimitsa moto, madzi ndi zinyalala. Meya angakalipe bwanji pa wailesi, sangadinde kapena kufufuta pemiti ya munthu.

Nanga bwanji pa chipikisheni timaona galimoto za JMPD?

Apa ndi pamene pagona nkhani. JMPD ndi polisi ya mzinda, inakhazikitsidwa mu 2001, ndipo ntchito zake ndi zitatu: zapamsewu, malamulo aang'ono a mzinda, ndi kupewa umbanda. Sifufuza milandu, ikagwira munthu imakamutula ku polisi ya dziko, SAPS. Koma khonsolo ikafuna kuyendera nyumba kapena mashopu, imaitana a SAPS ndi a Home Affairs kuti ayendere limodzi. Woyeza zaukhondo amalowa kukaona firiji, wamagetsi amatsata mawaya olumikiza mwakuba, ndipo pambuyo pawo pamabwera wofunsa pasipoti. Motero khomo limene latsegulidwa m'dzina la ukhondo limalowetsanso nkhani ya mapepala.

Kayendedwe kotereka kanakula pa nthawi ya Herman Mashaba, yemwe anali meya kuyambira 2016 mpaka 2019 ndipo sankabisa maganizo ake oti obwera opanda mapepala ndiwo awononga pakatikati pa mzinda.

Kodi angalowe m'chipinda changa popanda chikalata cha khothi?

Mu 2017 ndi 2018 ankalowa. Ankatseka dera lonse, kugogoda kapena kuthyola zitseko, kugudubuza matilesi, kutsegula zikwama, ena n'kuwakweza m'galimoto. Anthu a m'nyumba 11 za pakati pa mzinda, mothandizidwa ndi maloya a bungwe la SERI, anakadandaula ku khothi. Mu October 2021 khothi loona za malamulo aakulu, pa mlandu wodziwika ndi dzina la nyumba ya Industry House, linagamula kuti gawo la lamulo la polisi lolola kusecha m'nyumba za anthu popanda chikalata pa zipikisheni zotere n'losemphana ndi malamulo aakulu. Umphawi wa mwini chipinda suchotsa ulemu wa chipindacho, ngakhale khoma lake litakhala la makatoni ndi nsalu.

Izi sizikutanthauza kuti apolisi sangalowe konse. Alipo malamulo ena owalola kutero pamene ali ndi chifukwa chomveka choganizira mlandu ndipo kudikira chikalata kungawononge umboni. Chimene chinaletsedwa ndi kusesa nyumba yonse mwachisawawa.

Ndani ali ndi ufulu wondifunsa pasipoti, ndipo akandigwira chimatsatira n'chiyani?

Gawo 41 la Immigration Act limapereka mphamvuyo kwa ofisala wa zolowa ndi kutuluka ndi wapolisi. Munthu wamba alibe, ngakhale atavala yunifolomu ya gulu lake. Mu November 2025 khothi lalikulu la ku Johannesburg linanena zomwezi ku gulu la Operation Dudula, lomwe linkaima pa zipata za makiliniki kufunsa odwala mapepala.

Wogwidwa ayenera kuonekera ku khothi pasanathe maola 48. Khothi loona za malamulo aakulu linagamula choncho mu 2017. Tisanamizane komabe: pasipoti ya Malawi imalandira masiku 30 okha pa chipata, ndipo ndi ochezera, osati ogwirira ntchito. Wopyola ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, wopyola kuposa apo zaka zisanu. Palibe khansala amene angakukonzereni zimenezo, ndipo wokuuzani kuti ali ndi munthu wake ku khonsolo wokonza mapemiti akungofuna ndalama zanu.

Pa moto wa ku Usindiso, wolakwa anali ndani?

Usiku wofikira pa 31 August 2023 moto unagwira nyumba yotchedwa Usindiso, ya pa nambala 80 Albert Street ku Marshalltown ndipo unapha anthu 76. Mwa omwalirawo munali Amalawi ambiri, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi eni dziko. M'mawa mwake, mitembo ili chigonere mumsewu itafundidwa, akuluakulu ena a mzinda anali atayamba kale kuloza chala obwera ndi mabungwe owaimira ku khothi.

Koma nyumbayo inali ya khonsolo. Pa nthawi ya tsankho inali ofesi yoperekera mapasi kwa anthu akuda. Pambuyo pake inakhala pothawirapo amayi ndi ana ozunzidwa. Kenako inatayiriridwa, n'kugwa m'manja mwa anthu otolera lendi pa nyumba yosakhala yawo. Mkatimo munamangidwa tizipinda ta matabwa, pa masitepe panaikidwa mageti okhoma poopa akuba, ndipo zozimitsira moto zinalibe ntchito. Anthu ena anafera pa mageti omwewo, ena analumpha pa mawindo.

Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi Sisi Khampepe, yemwe kale anali woweruza wa khothi loona za malamulo aakulu, inatulutsa lipoti mu May 2024. Inapeza kuti mzinda ndi kampani yake yoyang'anira malo, Johannesburg Property Company, ankadziwa kwa zaka momwe nyumbayo inalili koma sanatsate malamulo awo omwe a moto, madzi ndi zomangamanga. Wogona m'nyumbamo akhale ndi pemiti kapena ayi, khomo lothawira moto liyenera kutseguka, ndipo woonetsetsa zimenezo ndi khonsolo. N'chifukwa chake mkulu wa mzinda akayamba kukamba za mapasipoti pamene wafunsidwa za nyumba yake, muzidziwa kuti akuzemba funso. Chowawa china n'choti opulumuka ena anagwidwa pa nkhani ya mapepala komitiyo isanamalize kumva umboni.

Khonsolo ikati nyumba ndi yoopsa, ingotitulutsa?

Singatero popanda khothi. Gawo 26 la malamulo aakulu ndi lamulo la 1998 lodziwika kuti PIE zimaletsa kuchotsa munthu pamene amakhala popanda chigamulo. Pa mlandu wa Olivia Road mu 2008 mzinda unauzidwa kuti uzikambirana kaye ndi okhalamo, ndipo pa wa Blue Moonlight mu 2011 unauzidwa kuti uzipereka pogona pongoyembekezera kwa amene akanagona panja. Vuto ndi loti pogonapo pamachepa, ndipo nyumba zambiri zimangokhala choncho, osakonzedwa komanso osachotsamo anthu.

Kodi wobwera angalembetse spaza?

Angathe, koma osati aliyense. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira ndi mankhwala a terbufos, amene amagulitsidwa mobisa ngati ophera makoswe. Potsatira imfazi, pa 15 November pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti spaza iliyonse, kutanthauza kashopu ka m'dera, ndi malo onse ogulitsa zakudya alembetse ku khonsolo m'masiku 21, ndipo tsiku lomaliza linasunthidwa kufika pa 28 February 2025. Lamulo linachokera kumwamba, koma mafomu, kuyendera ndi kutseka zinagwera makhonsolo.

Ku ofesi amafuna kuona ngati malowo ndi ololedwa kuchitirapo malonda, ngati mwini nyumba wavomera, ndiponso chiphaso cha zaukhondo chotchedwa Certificate of Acceptability. Wobwera amaonjezerapo pepala lomulola kuchita bizinesi. Othawa kwawo ndi odikira yankho la pempho lawo ali ndi poimira: mu 2014 khothi la apilo, pa mlandu wa bungwe la Asomali ndi chigawo cha Limpopo, linati nawonso akhoza kupempha ziphaso za malonda. Amalawi ambiri sali m'gulu limenelo, ndipo viza ya bizinesi imafuna mpamba wa R5 miliyoni, womwe wogulitsa buledi ndi makandulo sangaulote. N'chifukwa chake ena amalembetsa shopu m'dzina la landilodi. Uwu ndi mlandu kwa onse awiri, ndipo tsiku lomwe mwayambana, pepala limati shopuyo ndi yake.

Tisamadabwe kwambiri ndi mtima wotere wofinya obwera pa malonda. Kwathu nakonso mu May 2023 othawa kwawo amene anali ndi maokala ku Lilongwe anagwidwa, kudutsira ku ndende ya Maula, n'kukatulidwa ku msasa wa Dzaleka.

Nanga ogulitsa m'mbali mwa msewu?

Amenewa ali pansi pa khonsolo mwachindunji: ndiyo imanena misewu yololedwa ndi yoletsedwa, ndipo JMPD imalanda katundu wa woima polakwika. Akakulandani, pemphani risiti yolemba zonse zimene atenga, chifukwa popanda iyo mulibe chokaombolera katundu wanu. Mu October 2013, Parks Tau ali meya, mzinda unachotsa mavenda zikwizikwi pa ntchito yotchedwa Operation Clean Sweep, osasiyanitsa wa chiphaso ndi wopanda. Pa 5 December chaka chomwecho khothi loona za malamulo aakulu linalamula kuti a ziphaso abwerere pa malo awo.

Popeza sitivota, kodi tili ndi pakamwa pa za chitukuko cha dera lathu?

Kuvota ndi kwa nzika zokha. Koma lamulo la Municipal Systems Act la 2000 likamanena za anthu a m'dera limawerenga onse okhalamo, ndipo misonkhano yokambirana mapulani a chitukuko ndi bajeti ndi yotsegukira aliyense. Mzinda uli ndi mawodi 135, iliyonse ndi khansala wake, ndipo paipi ikaphulika kapena zinyalala zikaunjikana, wolipira lendi ali ndi ufulu wokanena. Ambiri amaopa kudzionetsa, ndipo mantha awo ndi omveka. Amene apindulapo kanthu nthawi zambiri anapita ngati gulu: komiti ya okhala m'nyumba imodzi, kapena bungwe la mavenda ngati South African Informal Traders Forum, lomwe linatengera mzinda ku khothi mu 2013. Sungani makalata ndi manambala a madandaulo anu, chifukwa chichitikire chisankho cha 2021 mameya a Johannesburg akhala akusinthana pafupipafupi, ndipo wobwera kumene sadziwa zimene mnzake analonjeza.