Mkono ukafooka mwadzidzidzi, vuto lili mu ubongo

Kwa mabanja a m'boma la Chongwe

Mukakhudza mphika wotentha pa mbaula, dzanja limathawa lokha musanaganize n'komwe. Khungu likamva moto, uthenga umathamanga m'mitsempha yaing'ono kwambiri mpaka ku mtsempha waukulu umene uli mkati mwa fupa la msana. Pomwepo lamulo limabwerera kudzanja kuti lichoke, ndipo ululu umafika ku ubongo dzanja litachoka kale. Mitsempha imeneyi siyenda magazi, imangonyamula mauthenga. Kuchokera pamsana imatuluka iwiriiwiri, magulu 31, kupita m'manja, m'miyendo ndi m'mimba. Magulu ena 12 amachokera ku ubongo kwenikweniko, ambiri mwa iwo kupita m'maso, m'makutu, kunkhope ndi kulilime.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4 basi, koma umadya gawo limodzi mwa magawo 5 a mpweya wabwino umene thupi limagwiritsa ntchito. Susunga chakudya cha mawa. Magazi akasiya kufika pa mbali ina ya ubongo, kaya mtsempha wa magazi watsekeka kapena waphulika, mbaliyo imayamba kufa pa mphindi zochepa. Imeneyi ndiyo sitiroko.

Mbali ya kumanzere ya ubongo imayendetsa thupi la kumanja, ya kumanja imayendetsa la kumanzere, ndipo mwa anthu ambiri kulankhula kumachokera kumanzere. N'chifukwa chake agogo amene dzanja lamanja lawo lalefuka amathanso kusowa mawu, ngakhale akukuzindikirani bwinobwino. Sanalodzedwe. Kutema mphini padzanja kapena kulithowa ndi madzi otentha sikufika kumene kuli vuto, kumangodya nthawi.

Ngati wina kunyumba kwanu pakamwa papotokera mbali imodzi, supuni ikumugwa m'manja, kapena mawu akutuluka ngati waledzera pamene sanamwe, muuzeni amwetulire ndi kukweza manja onse awiri. Dzanja limodzi likamatsika lokha, funani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mupite naye ku Chongwe District Hospital. Kumbukirani nthawi imene zayambira, adokotala adzafunsa. Musamupatse madzi, phala kapena mapiritsi, chifukwa kumeza kumatha kuvuta ndipo angatsamwe. Aspirin angawonjezere vuto ngati mtsempha waphulika, ndipo chimene chimasiyanitsa kutsekeka ndi kuphulika ndi makina ojambula m'mutu, monga a ku UTH ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 pa msewu wa Great East. Zizindikiro zikatha zokha pakapita kanthawi, pitanibe tsiku lomwelo. Nthawi zambiri limenelo ndi chenjezo la sitiroko yaikulu.

Matendawa sasankha. Pulezidenti Levy Mwanawasa anadwala sitiroko mu 2006, inabweranso mu June 2008 ali ku msonkhano ku Egypt, ndipo anamwalira pa 19 August chaka chomwecho ali ndi zaka 59.

Chimene chimabweretsa sitiroko kwambiri ndi BP, ndipo choopsa chake n'chakuti munthu amalima, amakwera njinga kuchokera ku Kanakantapa mpaka ku boma, osamva kalikonse. Kayezetseni ku kiliniki yapafupi ngakhale mukumva bwino. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa, mverani zimene anesi akuuzeni. Mukayamba mankhwala musasiye chifukwa choti mutu waleka kuwawa, apa m'pamene ambiri amagwera. Mchere wa tsiku lonse usapose kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu kapenta ndi nsomba zouma. Fodya, kachasu ndi shuga wosasamalidwa zimawononganso mitsempha ya magazi ya mu ubongo.

Wodwala akabwerera kunyumba musamusiye m'chipinda yekha. Ubongo umatha kuphunziranso, makamaka miyezi yoyambirira. Muzipita naye ku mafizo, muzilankhula naye pang'onopang'ono, azigwira yekha kapu ngakhale madzi atayike, ndipo ngati sangathe kudzitembenuza pogona, muzimutembenuza maola 2 aliwonse kuti asachite zilonda.