Kavalo Wamng'ono Apatsidwe kwa Yani? Mafunso ndi Mayankho pa Masewera Odumpha Mipiringidzo

Ku Belgium, Netherlands, Germany, France ndi Ireland kuli alimi amene amaweta akavalo n'cholinga choti adzadumphe pa mipikisano. Ambiri mwa alimiwa sapikisana okha. Kavalo akafika zaka 3 kapena 4, mwini wake amasaka munthu womukwera ndi kumuphunzitsa, ndipo apa m'pamene tsogolo la kavaloyo limakonzeka kapena kuwonongeka.

Kodi mpikisano wake umayenda bwanji?

Pa masewera a show jumping, kavalo ndi womukwera amadumpha zopinga zoposa 10 motsatira dongosolo loikika komanso nthawi yoikika. Mitengo ya pa zopingazo imangosanjikidwa, moti chiboda chikaigunda imagwa. Kugwetsa mtengo ndi mapointi 4 olakwa, ndipo kavalo akakana kudumpha ndi mapointi 4 enanso. Malinga ndi malamulo a FEI, bungwe loyendetsa masewera a akavalo padziko lonse lomwe linakhazikitsidwa mu 1921 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, kavalo akakana kachiwiri amatulutsidwa. Pa mipikisano ikuluikulu zopinga zimafika mamita 1.60 kutalika.

Nanga kavalo amayamba ali ndi zaka zingati?

Ambiri amaikidwa chishalo koyamba ali ndi zaka 3, ndipo akakwana zaka 4 amalowa timipikisano ta zopinga za pafupifupi mita imodzi. Pa msinkhu umenewu thupi limakhala lisanakhwime. Mafupa a msana, amene amasenza munthu, amakhwima mochedwa kuposa a miyendo. N'chifukwa chake ku Olympics salola kavalo wosakwana zaka 9 kudumpha.

Choncho pakati pa chishalo choyamba ndi bwalo lalikulu pali zaka zosachepera 6. Mwini akamasankha wokwera, amakhala akusankha munthu wogwira ntchito ya zaka zimenezi.

Bwanji osangomupereka kwa katswiri wotchuka?

Chifukwa katswiri sapezekapezeka pakhomo. Amene ali pamwamba amakhala pa ulendo pafupifupi sabata iliyonse, lero Aachen, mawa Geneva kapena Wellington, ndipo amatenga akavalo okhwima amene angabweretse mphoto. Akavalo aang'ono amatsala m'khola, akukweredwa ndi antchito. Zimenezi si zolakwika ngati wantchitoyo ndi waluso, koma mwini ayenera kudziwa dzina la amene adzakhale pa chishalo Lolemba m'mawa.

Lusonso ndi losiyana. Wopambana pa mpikisano amadziwa kufinya mphamvu zonse za kavalo m'mphindi imodzi ndi theka. Wolera kavalo wamng'ono amadziwa kulekeza phunziro kavalo asanatope, ngakhale akuona kuti akanatha kudumpha chokulirapo. Aliyense amene anaonapo mlimi akuzolowetsa ng'ombe yaing'ono goli amadziwa kuti sayamba ndi ngolo yodzaza.

Kodi pali kavalo wotchuka amene analeredwa ndi wina n'kupambana ndi wina?

Milton, kavalo woyera wa ku Britain wobadwa mu 1977, ndi chitsanzo chodziwika. Amene anamugula ali wamng'ono n'kumuphunzitsa ndi Caroline Bradley. Mayiyu anamwalira mwadzidzidzi mu 1983 ali ndi zaka 37, Milton ali ndi zaka 6 zokha. Makolo a Caroline, Tom ndi Doreen Bradley, sanamugulitse kavaloyo. Anayamba wamukwera Stephen Hadley, kenako mu 1985 anaperekedwa kwa John Whitaker.

Whitaker ndi Milton anatenga mendulo yagolide ya ku Ulaya mu 1989, World Cup mu 1990 ndi 1991, ndipo Milton anakhala kavalo woyamba wodumpha kupata ndalama zoposa mapaundi 1 miliyoni. Komabe mawu omaliza anali a eni ake: iwo anakana kuti apite ku Olympics ya ku Seoul mu 1988, ndipo sanapitedi.

Mwini akapita kukaona wokwera, ayang'ane chiyani?

Ayambe ndi khola asanapite ku bwalo. Kodi akavalo amatulutsidwa kubusa kapena amangoswera m'zipinda? Akamva munthu akubwera, amasuzumira kapena amathawira pakona? Wosamalira akavalo wakhalapo nthawi yaitali bwanji? Dokotala wa ziweto ndi wokonza ziboda amabwera kangati?

Kenako aone wokwerayo ali pa kavalo wazaka 4 kapena 5, makamaka pamene zinthu zalakwika. Kavalo akadzidzimuka ndi chopinga chachilendo, wokwera wabwino amatsitsa mtengo, n'kumubwezera modekha mpaka mantha atatha. Manja ake sakoka chitsulo cha m'kamwa kavalo ali m'malere. Nthawi yambiri amaithera pa zinthu zosaoneka zapamwamba: kuyenda mowongoka, kukhota, kufupikitsa ndi kutalikitsa mapazi, ndi kudutsa mitengo yogoneka pansi.

Funso lomaliza ndi la mbiri. Akavalo amene anadutsa m'manja mwake zaka zapitazo ali kuti lero? Ngati akudumphabe ali ndi zaka 12 kapena 14, ndi umboni woposa zikho za pa shelefu.

Nanga zizindikiro zoopsa ndi ziti?

Choyamba ndi wokwera wolonjeza zotsatira zamsanga. Chachiwiri ndi wosafuna kuti mwini afike mosayembekezeka. Pali njira zachinyengo zimene FEI inaletsa, monga kukweza mtengo mwadala kuti umenye miyendo ya kavalo akamadumpha, kapena kupaka mankhwala oyabwa m'miyendo kuti aziopa kugunda. Kavalo wochitidwa zotere amadumpha mokwera kwambiri kwa kanthawi, wogula n'kukopeka, koma pambuyo pake amayamba kukana.

Kodi mipikisano ya akavalo aang'ono ndi yofunika bwanji?

Mwezi wa September uliwonse ku Lanaken m'dziko la Belgium, pa famu ya Zangersheide, kumachitika mpikisano wa dziko lonse wa akavalo azaka 5, 6 ndi 7. Germany ili ndi wake ku Warendorf, France ku Fontainebleau. Kumeneku kumadzaza ogula, ndipo kavalo akachita bwino mtengo wake umakwera tsiku lomwelo.

Apa mwini ayenera kunena zoona za cholinga chake. Wofuna kugulitsa msanga amafuna wokwera wodziwa kuonetsa kavalo pa mabwalo amenewa. Wofuna mendulo amafuna wodekha. Big Star anafika kwa Nick Skelton ali ndi zaka 5, eni ake Gary ndi Beverley Widdowson n'kumusiya m'manja omwewo. Anathandiza timu ya Britain kutenga golide ku London mu 2012, ndipo mu 2016 ku Rio anatenga golide wa payekha, Skelton ali ndi zaka 58.

Mgwirizano ulembedwe motani?

Ulembedwe papepala kavalo asanakwere galimoto. Utchule wolipira chakudya, dokotala, inshuwalansi, mayendedwe ndi ndalama zolowera mpikisano, kagawidwe ka mphoto, gawo la wokwera kavalo akagulitsidwa, ndiponso amene ali ndi mphamvu zonena kuti kavalo apume. Mikangano yambiri imabuka kavalo akayamba kuwala: wokwera amaona kuti thukuta ndi lake, pamene mwini walandira kale foni ya wogula.

Kodi wokwera asinthidwe liti?

Tsiku limodzi loipa si chifukwa chokwanira. Jappeloup, kavalo wakuda wamfupi wa ku France, anagwetsa womukwera wake, Pierre Durand, pamaso pa anthu ku Olympics ya ku Los Angeles mu 1984. Awiriwa sanasiyane, ndipo mu 1988 ku Seoul anatenga golide.

Koma kusintha kumathandiza ngati msinkhu wa ntchito wasintha kapena wokwera sangathe kupitiriza. King Edward ankakweredwa ndi Janika Sprunger wa ku Switzerland asanapite kwa Henrik von Eckermann wa ku Sweden, amene anakhala naye katswiri wa dziko lonse ku Herning mu 2022. Ngati kavalo wayamba kukana, kuonda kapena kulusa pomumanga chishalo, woyamba kuitanidwa akhale dokotala, chifukwa ululu wa msana, wa ziboda kapena zilonda za m'mimba umaoneka ngati mwano. Dokotala akapeza kuti thupi lili bwino, m'pamene mwini angayambe kufunsa za wokwera.